Momwe zipatala zingagawanirane zidziwitso za odwala popanda kutaya chinsinsi chawo

Wodwala akatumizidwa kuchoka ku chipatala china kupita ku chinzake, mwini wake amafika koma mbiri ya matenda ake kawirikawiri imatsalira. Dokotala womulandira amayambiranso mafunso pachiyambi, magazi omwe anayezedwa dzana amayezedwanso, ndipo ngati munthuyo wafika chikomokere palibe wonena kuti thupi lake limadana ndi penicillin. Koma mbiri yomweyo ikagwera m'manja olakwika banja limatha, ntchito imatha, ndipo ena amasiyiratu kukatenga mankhwala poopa kudziwika. Mavuto awiriwa amagwera munthu mmodzi yemweyo, n'chifukwa chake kugawana ndi kuteteza ziyenera kukonzedwa limodzi, ndi anthu amodzi, pa tebulo limodzi.

Malangizowa ndi a inu amene mumayang'anira chipatala, kaundula wa odwala, labotale kapena makompyuta ake. Cholinga ndi chakuti zidziwitso ziziyenda ndi wodwala, zizifika kwa amene akumuthandiza yekhayo, pa mlingo wokwanira ntchitoyo basi, ndipo aliyense wozitsegula azisiya chizindikiro.

Choyamba: tsatirani wodwala mmodzi kuyambira pakhomo mpaka potuluka

Musanagule makina alionse, tengani pepala ndi cholembera muyende njira yomwe wodwala amayenda. Pa malo alionse funsani kuti apa mumalemba chiyani, mumachisunga pati, amachiona ndani, ndipo chimachoka bwanji kupita kwina. Muyambe polembetsa mayina, mupite m'chipinda cha dokotala, ku labotale, kojambula X-ray, kolandirira mankhwala, ku wodi, mpaka kolipira.

Mudzapeza njira zambiri zomwe palibe anazilembapo. Mudzapeza namwino amene amajambula chilonda pa foni yake n'kutumizira dokotala pa WhatsApp, fulashi yomwe imayenda m'thumba la kalaliki, mndandanda wa odwala mu Excel pa laputopu yomwe imagona kunyumba kwa wina, makina ojambulira omwe amasunga zithunzi zonse pamodzi ndi mayina, ndi kampani yokonza makina yomwe imalowa pa netiweki yanu ili kutali. Musawakalipire anthuwa. Njira zotere zimabadwa chifukwa njira yovomerezeka kulibe kapena imachedwa, ndipo mukayamba ndi kulanga adzangobisa. Lembani zonse. Mndandanda umenewu ndiwo udzakuuzani zoyenera kutseka ndi zoyenera kumangira njira yabwino.

Chachiwiri: werengani lamulo, kenako lembani mgwirizano

Mayiko ambiri tsopano ali ndi malamulo oteteza zidziwitso za anthu. America ili ndi HIPAA ya 1996, mayiko a mu European Union amatsata GDPR kuyambira mu May 2018, Kenya idakhazikitsa lake mu 2019, Zambia mu 2021, Malawi mu 2024. Amasiyana m'zambiri, koma ambiri amaika zidziwitso za umoyo m'gulu lofunika chitetezo chapadera. Pezani lamulo lomwe likukukhudzani, ndipo ngati seva yanu, kompyuta yosungira zidziwitsozo, ili m'dziko lina onaninso zomwe limanena pa zidziwitso zodutsa malire.

Kenako mbali zonse zisayinirane mgwirizano wolembedwa. Unene zidziwitso ziti zidzagawidwe, pa chifukwa chiti, kwa maudindo ati, zidzasungidwa nthawi yaitali bwanji, ndani adziwitse mnzake zikatayika komanso pasanathe maola angati, ndiponso zidzabwezedwa kapena kufufutidwa motani mgwirizano ukatha. Makampani okugulitsani mapulogalamu ndi osunga seva nawo asayine. Chiganizo chonena za chifukwa ndicho chofunika kuchilemba mosamala koposa. Mu 2017 ofesi yoyang'anira zidziwitso ku Britain idagamula kuti chipatala cha Royal Free ku London chidaphwanya lamulo pomwe chidapereka mbiri za odwala pafupifupi 1.6 miliyoni ku kampani ya DeepMind, yomwe inkayesa pulogalamu yochenjeza madokotala za vuto la impso. Cholinga chinali chabwino, koma odwalawo sanauzidwe mokwanira kuti mbiri zawo zigwiritsidwa ntchito yotero.

Chachitatu: tsimikizani kuti munthu uyu ndi yemweyo

Apa m'pamene ntchito zambiri zolumikiza zipatala zimagwera, ndipo ndikupemphani kuti mutayepo nthawi yokwanira. Makompyuta awiri angathe kulankhulana bwinobwino koma akunena za anthu awiri osiyana.

Zolakwika zake zili mitundu iwiri. Woyamba ndi munthu mmodzi kukhala ndi mafayilo angapo: dzina lidalembedwa mosiyana pang'ono, mayi adasintha dzina atakwatiwa, kapena kalaliki adaona kuti kutsegula fayilo yatsopano n'kofulumira kusiyana ndi kufufuza yakale. Zotsatira zake, theka la mbiri limasowa. Wachiwiri ndi woopsa kwambiri: anthu awiri kuikidwa m'fayilo imodzi. Pamenepa gulu la magazi a wina limaoneka ngati la mnzake, ndipo zotsatira za HIV za wina zimawerengedwa kwa munthu wosayenera. Kulakwitsa kumodzi kumeneku kumaika moyo pangozi n'kuululanso chinsinsi nthawi yomweyo.

Chofunika ndi kaundula mmodzi wa odwala yemwe zipatala zonse zolumikizanazo zimadalira. Chipatala chilichonse chingapitirize kugwiritsa ntchito manambala ake, koma kaundulayo amadziwa kuti nambala iyi kuno ndi nambala iyo uko ndi munthu mmodzi. Pomwe pali nambala ya chiphaso cha dziko imathandiza, koma musaidalire yokha, pakuti makanda alibe, alendo alibe, ndipo wokomoka sangakupatseni. America mpaka lero ilibe nambala imodzi ya wodwala ya dziko lonse, ndipo zipatala zake zimafananitsa anthu pogwiritsa ntchito dzina, tsiku lobadwa, adiresi ndi nambala ya foni.

Kaundula wabwino amayambira pa desiki yolembetsera. Gwirizanani kalembedwe kamodzi: dzina liti liyambe, tsiku lilembedwe motani. Ngati munthu sakudziwa tsiku lake lobadwa, pakhale pochonga posonyeza kuti tsikulo ndi longoyerekeza, kupanda apo mudzakhala ndi mazana a anthu obadwa pa 1 January omwe kompyuta idzawaona ngati ofanana. Mapasa asamalidwe mwapadera chifukwa tsiku, adiresi, mayi ndi foni zonse ndi zimodzi, ndipo mayina awo nthawi zambiri amafanana. Khanda lomwe silinapatsidwe dzina lilandire nambala yakeyake pa tsiku lobadwa, yolumikizidwa ndi ya mayi. Wodwala wosadziwika alandire nambala yongoyembekezera yomwe idzaphatikizidwe ndi fayilo yake akadziwika.

Kompyuta iziphatikiza yokha mafayilo pokhapokha pomwe kufanana kwake n'kosakayikitsa. Zokayikitsa zonse zipite kwa munthu wophunzitsidwa kuti aone, ndipo pulogalamu yanu izilola kulekanitsanso mafayilo omwe aphatikizidwa molakwika. Mufunse wogulitsayo akuonetseni zimenezi ndi maso musanagule. Ndipo pa bedi, asanapereke mankhwala kapena magazi, wogwira ntchito atsimikize zinthu ziwiri zosiyana, monga dzina lonse ndi tsiku lobadwa. Nambala ya bedi isawerengedwe, chifukwa odwala amasinthidwa mabedi.

Chachinayi: gwirizanani chilankhulo cha makina, muyambe ndi zochepa

Musalole kuti aliyense apange kalumikizidwe kake. Mapulogalamu 10 akati alumikizane aliyense ndi mnzake mwachindunji pafunika njira 45, ndipo iliyonse ndi khomo loyenera kulilondera. Akadzera pa malo amodzi apakati pafunika njira 10 zokha. Umu ndi momwe dongosolo la OpenHIE limalangizira: malo apakati odutsira mauthenga, kaundula wa odwala, kaundula wa zipatala, kaundula wa ogwira ntchito, ndi mosungira mbiri yogawana.

Miyezo yake ilipo kale. Bungwe la HL7, lomwe lidayamba mu 1987, lili ndi mauthenga a mtundu wa version 2 omwe malabotale ambiri akugwiritsabe ntchito, komanso FHIR, yatsopanoko, yomwe imagawa mbiri m'tizigawo monga wodwala, zoyeza, mankhwala olembedwa ndi zomwe thupi limadana nazo, kotero kuti mungapemphe kagawo kamodzi osati fayilo yonse. Zithunzi za X-ray ndi za sikani zimayenda ndi DICOM. Mayina a matenda ali ndi makhodi a ICD a World Health Organization, ndipo ICD-11 idayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022 ngakhale ambiri akadali pa ICD-10. Zoyeza za ku labotale zili ndi LOINC, ndipo mawu ena a zachipatala ali ndi SNOMED CT. Polemba mgwirizano wogula pulogalamu, ikanimo kuti iyenera kutulutsa ndi kulandira zidziwitso m'miyezo imeneyi, komanso kuti zidziwitsozo mudzazitenga zonse tsiku lomwe mudzasiyane nayo kampaniyo.

Nambala iliyonse iyende ndi muyezo wake. Shuga wa m'magazi ena amamuyeza mu mmol/L, ena mu mg/dL, ndipo kusiyana kwake ndi pafupifupi ka 18: 7 mmol/L ndi chimodzimodzi 126 mg/dL. Nambala 18 ikafika yokha, dokotala wina angaiwerenge ngati shuga wokwera kwambiri wofunika insulin, wina ngati shuga wotsikitsitsa wofunika glucose msanga. Tsiku nalonso lilembedwe chaka, mwezi, kenako tsiku, pakuti 03/04 ena amawerenga March, ena April.

Musayambe ndi kugawana chilichonse. Yambani ndi zomwe zimapulumutsa moyo: mankhwala omwe wodwala akumwa, zomwe thupi lake limadana nazo, ndi matenda omwe ali nawo. Zitatuzi ndizo maziko a International Patient Summary, chidule chomwe chidakonzedwa kuti munthu athandizike ngakhale kutali ndi kwawo. Zikayenda bwino pakati pa zipatala ziwiri, onjezani zotsatira za ku labotale, kenako makalata otulutsira odwala, kenako zithunzi.

Chachisanu: muuzeni wodwala, ndipo mumvereni

Pali njira ziwiri. Kwina wodwala amayenera kuvomera kaye mbiri yake isanagawidwe, kwina imagawidwa pokhapokha iye atakana. Lamulo la kwanu ndilo linene yoyenera, koma njira iliyonse imagwa ngati anthu aona kuti akubisiridwa. Ku England ntchito ya care.data idathetsedwa mu 2016 anthu atataya chikhulupiriro chifukwa chosafotokozeredwa bwino. Ku Australia anthu oposa 2.5 miliyoni adakana kulowa mu My Health Record nthawi yokanira isanathe mu January 2019.

Fotokozani m'chilankhulo chomwe wodwala amamva, pakamwa komanso pa pepala lalifupi: ziti zidzagawidwe, kwa yani, angakane bwanji, ndipo kukanako sikudzamulepheretsa kulandira chithandizo. Chilolezo cha chithandizo chikhale padera ndi cha kafukufuku. Yankho lake lilowe mu kompyuta m'njira yoti makina azilitsata okha, chifukwa fomu yosungidwa m'kabati siimitsa uthenga wodutsa pa intaneti.

Zidziwitso zina zimafuna mpanda wachiwiri: HIV, matenda a maganizo, uchembere ndi kulera, nkhanza za m'banja ndi kugwiriridwa, kumwa mankhwala osokoneza bongo. Apa pali msampha womwe ambiri sauona. Mungabise dzina la matenda, koma mndandanda wa mankhwala ukaonetsa dolutegravir, mankhwala a HIV, aliyense wodziwa zachipatala wamva kale. Dzina la kiliniki, dzina la dokotala ndi mtundu wa zoyeza zimaululanso chimodzimodzi. Komabe kubisa mankhwalawo kwa dokotala wothandiza n'koopsa, pakuti ena amalimbana: womwa dolutegravir akayamba rifampicin wa TB mlingo wake umayenera kusinthidwa. Maganizo anga ndi akuti wopereka mankhwala aziona mndandanda wonse, koma kalaliki ndi wa zandalama asauone n'komwe, ndipo wodwala auzidwe chifukwa chake. Mauthenga a pa foni okumbutsa tsiku lobwera asatchule matenda kapena kiliniki, chifukwa foni imabwerekedwa ndipo mauthenga amawerengedwa ndi ena. Kwa achinyamata ndi amene akuchitiridwa nkhanza, funsani mosamala nambala yomwe ili yotetezeka kuitumizira uthenga.

Chachisanu ndi chimodzi: aliyense ndi akaunti yake, aliyense ndi malire ake

Lembani maudindo onse ndi zomwe udindo uliwonse uyenera kuona. Kalaliki aone dzina, adiresi ndi tsiku lobwera. Wa ku labotale aone zomwe zapemphedwa kuyezedwa. Namwino aone odwala a mu wodi yake. Dokotala wa chipatala china aone wodwala yemwe watumizidwa kwa iye, osati kaundula wanu wonse. Wa makompyuta angathe kusamala seva popanda kuwerenga zolemba za madokotala.

Akaunti imodzi ya wodi yonse ithetsedwe, pakuti ikakhalapo simudzadziwa amene anatsegula fayilo. Koma fufuzani chomwe chimachititsa anthu kubwerekana pasiwedi. Kawirikawiri ndi chifukwa wogwira ntchito watsopano amadikira masabata asanapatsidwe akaunti, kapena kulowa kumachedwa pomwe odwala ali pa mzere. Konzani kuti akaunti izikhala yokonzeka pa tsiku loyamba ntchito, izisinthidwa munthu akasamutsidwa, ndipo izitsekedwa tsiku lomwelo akachoka. Ophunzira ndi aganyu apatsidwe maakaunti otha okha pa tsiku loikika. Sikirini izidziloka yokha ikakhala mphindi zochepa osakhudzidwa.

Aliyense wolowa ali kunja kwa chipatala, komanso aliyense wa mphamvu zoyang'anira makina, asalowe ndi pasiwedi yokha. Pakhale chitsimikizo chachiwiri, monga nambala yobwera pa pulogalamu ya pa foni kapena kakiyi kapadera kolowetsa pa kompyuta. Mu February 2024 akuba adalowa mu Change Healthcare, kampani yomwe imadutsitsa mabilu ndi zolipira za zipatala zambiri ku America, kudzera pa khomo lolowera kutali lomwe linalibe chitsimikizo chachiwirichi. Zidziwitso za anthu pafupifupi 190 miliyoni zidakhudzidwa, ndipo zipatala ndi malo ogulitsa mankhwala adavutika kwa masabata ambiri.

Siyani khomo la pangozi. Dokotala yemwe walandira munthu wovulala kwambiri athe kutsegula fayilo yomwe nthawi zonse sakadaloledwa, atalemba chifukwa chake, ndipo kutsegula kotereku kuziunikidwa mawa lake ndi munthu wodziwika. Mukapanda kusiya khomo lotere, anthu adzalipanga okha ndi pasiwedi ya mnzawo.

Chachisanu ndi chiwiri: kalembera wa amene anaona chiyani, ndi womuwerenga

Makina azilemba yekhayekha amene watsegula fayilo, ya yani, nthawi yanji, ali pati, ndipo wachita chiyani: wangowerenga, wasintha, wasindikiza kapena wakopera. Kalemberayu asungidwe poti ngakhale woyang'anira makompyuta sangamusinthe. Zipatala zambiri zili naye koma palibe amamutsegula. Sankhani munthu, mumupatse nthawi sabata iliyonse, ndipo mumuuze zoyang'ana: wogwira ntchito kutsegula fayilo ya munthu wa dzina la banja lake kapena wa adiresi yoyandikana, mafayilo a ogwira ntchito anzake, a anthu otchuka, mafayilo ochuluka mosayembekezeka m'nthawi yochepa, ndi kulowa pakati pa usiku kwa munthu yemwe sali pa ntchito. Kusuzumira kwa mkati kumachitika kawirikawiri, ndipo wosuzumirayo nthawi zambiri ndi munthu amene akumudziwa wodwalayo.

Estonia, yomwe idalumikiza mbiri za umoyo za dziko lonse mu 2008, imalola nzika iliyonse kuona mayina a amene anatsegula mbiri yake. Ngati makina anu angathe, chitani chimodzimodzi. Ngati sangathe, wodwala wopempha apatsidwe mndandandawo pa pepala.

Chachisanu ndi chitatu: tsekani njira ndi nkhokwe

Zidziwitso zizilokedwa ndi encryption, kutanthauza kuzisandutsa zosawerengeka kwa aliyense wopanda kiyi wake, poyenda pa intaneti komanso pokhala pa seva, laputopu, foni ndi fulashi. Laputopu yolokedwa motere ikabedwa mwataya makina okha. Makiyi asungidwe padera ndi zidziwitsozo. Makina awiri olumikizana azitsimikizirana kuti ndi enieni asanatumizirane kanthu.

Ikani zigamba za chitetezo, zomwe opanga mapulogalamu amatulutsa kuti atseke mabowo olowera akuba, zikangotuluka. Pa 12 May 2017 pulogalamu yoipa ya WannaCry idagwira makompyuta m'zipatala zambiri za NHS, bungwe la zipatala za boma ku England, ndipo maulendo okaonana ndi dokotala pamodzi ndi maopaleshoni pafupifupi 19,000 adalephereka. Microsoft inali itatulutsa chigamba chotseka bowolo mu March chaka chomwecho. Makina ena a zachipatala, monga ojambulira akale, sangalandire zigamba. Amenewo aikeni pa gawo lawolawo la netiweki, losakhudzana ndi imelo kapena intaneti ya alendo.

Phunzitsani anthu za maimelo achinyengo, mobwerezabwereza ndi mwachidule. Ku Ireland, bungwe la zipatala za boma la HSE lidagwa pa 14 May 2021, koma akubawo adalowa pa 18 March pomwe wogwira ntchito wina adatsegula fayilo ya Excel yobwera pa imelo. Adakhala m'kati masabata 8, zizindikiro zikuoneka koma osatsatiridwa mokwanira. Phunziro lake si la wotsegula imelo yekhayo. Aliyense angapusitsidwe, choncho chenjezo la makina liyenera kukhala ndi munthu wolilandira usana ndi usiku.

Za WhatsApp: uthenga umalokedwa panjira, koma chithunzi chimatsala m'foni ya mwini, chimalowa m'makope a foniyo, ndipo gulu limakhalabe ndi anthu omwe adachoka ntchito kalekale. Kuletsa kokha sikuthandiza ngati simunapereke njira ina yofulumira chimodzimodzi. Perekani pulogalamu yovomerezeka yotumizirana mauthenga, ndipo podikira, lamulo likhale lakuti pasaoneke dzina, nkhope kapena nambala ya wodwala.

Chachisanu ndi chinayi: makope osungira, ndi tsiku lomwe makina adzazime

Sungani makope atatu, pa mitundu iwiri ya zosungira, limodzi likhale kutali komanso losalumikizidwa pa netiweki, chifukwa ransomware, pulogalamu yomwe imaloka mafayilo n'kufuna dipo, imasakanso makope omwe ingawafikire. Kope lomwe simunayesepo kulibwezeretsa musaliwerengere. Yesani kangapo pa chaka, muone kuti zimatenga maola angati. HSE idalandira kiyi wotsegulira mafayilo popanda kulipira dipo, komabe kubwezeretsa zonse kudatenga miyezi yoposa inayi.

Wodi iliyonse ikhale ndi bokosi la mafomu a pepala: olembetsera, opemphera zoyeza, olembera mankhwala, ndi manambala a foni osindikizidwa. Ogwira ntchito ambiri achinyamata sanagwirepo ntchito popanda kompyuta, choncho ayeserere. Gwirizananinso momwe zolembedwa pa pepalazo zidzalowetsedwere mu makina akabwerera.

Chakhumi: zopita ku kafukufuku ndi malipoti

Kufufuta dzina sikokwanira. Mu 1997 Latanya Sweeney adatenga zidziwitso za m'chipatala za ogwira ntchito m'boma la Massachusetts, zomwe zidachotsedwa mayina, n'kuzifananitsa ndi kaundula wa ovota wa mzinda wa Cambridge, ndipo adapeza mbiri ya bwanamkubwa William Weld. Pambuyo pake adawerengera kuti anthu 87 mwa 100 alionse ku America angadziwike ndi zinthu zitatu zokha: tsiku lobadwa, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndi khodi ya positi ya dera lawo. HIPAA imatchula mitundu 18 ya zizindikiro zoyenera kuchotsedwa, ndipo mndandandawo ndi poyambira pabwino kulikonse.

Sandutsani tsiku lobadwa kukhala gulu la zaka, ndi mudzi kukhala chigawo chachikulu. Bisani manambala ang'onoang'ono m'malipoti, pakuti ngati m'dera muli mtsikana mmodzi yekha wa zaka 14 woyembekezera, tebulo losonyeza 1 lamutchula kale. Onaninso zolemba za madokotala zomwe mayina amabisalamo, ndi zithunzi za DICOM zomwe zimanyamula dzina m'kati mwa fayilo, nthawi zina pa chithunzi penipenipo. Pomwe malipoti a ziwerengero akukwanira, monga ambiri omwe amalowa mu DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsira ziwerengero za umoyo, musatumize mbiri ya munthu mmodzimmodzi. Ofufuza asayine kuti sadzayesa kuzindikira munthu kapena kupatsira ena.

Chomaliza: zikatayika

Lembani lero zoyenera kuchita, ndi mayina ndi manambala a oyenera kuimbiridwa. Wogwira ntchito aliyense adziwe malo amodzi okanena, ndipo wonena msanga asalangidwe, ngakhale atakhala iye amene watumiza imelo kwa munthu wolakwika. Pomwe SingHealth ya ku Singapore idaberedwa zidziwitso za odwala 1.5 miliyoni mu 2018, kuphatikizapo za Lee Hsien Loong, yemwe anali nduna yaikulu ya dzikolo pa nthawiyo, komiti yofufuza idapeza kuti ena adaona zachilendo koma adachedwa kuzifikitsa kwa akuluakulu.

Ndondomeko yake ndi iyi. Chotsani makina okhudzidwa pa netiweki koma musafufute kanthu, chifukwa umboni uli momwemo. Tsekani maakaunti okayikitsa ndi kusintha mapasiwedi. Dziwitsani zipatala zomwe mwalumikizana nazo nthawi yomweyo kuti zitseke mbali yawo. Yambitsani mafomu a pepala. Lembani nthawi ya chilichonse chomwe mwaona ndi chomwe mwachita. Kenako dziwitsani ofesi ya boma yoyang'anira zidziwitso: GDPR imapereka maola 72 kuchokera pomwe mwadziwira, ndipo malamulo a mayiko ena ali ndi nthawi yawoyawo yomwe muyenera kuidziwiratu.

Odwala auzidwe ndi inu, asamve kwa akuba. Ku Finland, kampani ya uphungu wa za maganizo ya Vastaamo idaberedwa zolemba mu 2018 ndi 2019, koma nkhani idatuluka mu October 2020, ndipo wakubayo adalembera odwala mmodzimmodzi kuwaopseza kuti aulula zomwe adauza aphungu awo akapanda kulipira. Odwala oposa 30,000 adakhudzidwa, ndipo kampaniyo idagwa mu 2021. Madzi akatayika saoleka, koma munthu wouzidwa msanga amatha kukonzekera: kusintha nambala, kuchenjera ndi omuimbira, kapena kuuza yekha a pabanja pake asanamve kwina.

Kalata yopita kwa odwala inene zomwe zachitika, tsiku lake, zidziwitso zomwe zatuluka, zomwe mwachitapo, zomwe iwo angachite, ndi nambala yoti aimbe n'kuyankhidwa ndi munthu. Kwa amene zidziwitso zawo ndi za HIV, za maganizo kapena za nkhanza, musatumize kalata kunyumba. Gwiritsani ntchito njira yomwe iwo adasankha polembetsa, ndipo pakhale mlangizi wokonzeka kulankhula nawo. Pasanathe mwezi, mbali zonse za mgwirizano zikhale pansi, zitsatire njira yomwe wakubayo adadzera kuyambira polowera, ndipo zomwe zapezeka zilowe mu mndandanda wa sitepe yoyamba ija ndi mu mgwirizano musanatsegulenso njira yolumikizirana.